Chipatala ngati Bwalo la Mudzi: Masewero Okhalitsa a pa Kanema a ku Britain Tikawaonera ku Petauke ndi Nyimba

Mawu Oyamba

Pa 6 Sepitembala 1986 wailesi yakanema ya BBC inaonetsa gawo loyamba la sewero lotchedwa Casualty. Nkhani yake imachitikira m'chipinda cholandirira anthu ovulala ndi odwala mwadzidzidzi pachipatala cha mumzinda wopeka wa Holby. Sewerolo linafika pa gawo la 1,000 m'chaka cha 2016 ndipo likuonetsedwabe, kotero kuti khanda limene linabadwa usiku wa gawo loyamba lija tsopano ndi munthu wamkulu amene mwina akuonera sewero lomwelo pamodzi ndi ana ake. Mwa masewero onse a zachipatala oonetsedwa madzulo, nthawi imene mabanja amakhala ataunjikana pa kanema, palibe lina padziko lapansi limene lakhalitsa chotere.

Funso limene wosanthula zisudzo ayenera kudzifunsa nlakuti: kodi nchiyani chimachititsa anthu kubwerera mlungu ndi mlungu kumalo amene m'moyo weniweni amawaopa? Kuchipatala sikupitidwa kokacheza. Fungo la mankhwala, kubuula kwa odwala ndi kulira kwa oferedwa si zinthu zoti munthu nkuzilakalaka atatopa ndi ntchito. Komabe mibadwo itatu ya oonera ku Britain yakhala ikusankha kuthera madzulo ake m'mawodi opeka.

Nkhani ino ikuyankha funsoli itaima ku Petauke ndi ku Nyimba, maboma awiri a Ansenga m'chigawo cha kum'mawa kwa Zambia. Masewerowa sanalembedwere anthu a kumeneko, ndipo nchifukwa chake malowa ali oyenera kuimapo, pakuti akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Munthu amene chipatala amachidziwa kudzera pa ngolo, panjinga ndi pa mphasa ya wodwazika amaona msanga chimene masewerowa amachita bwino ndiponso chimene amachilumpha. Mfundo yathu njakuti masewerowa amakhalitsa chifukwa amatenga chipatala ngati bwalo la mudzi, pamene anthu amakumana, kukangana ndi kuweruza eni chipatalacho pamodzi ndi boma. Pomwe masewero athu ambiri a zaumoyo amafa ali aang'ono chifukwa amatenga chipatala ngati kalasi, m'mene wodwala amangolangizidwa ndi kudzudzulidwa.

Mbiri ya Mtundu wa Seweroli

Mbiri ya masewerowa singalekanitsidwe ndi mbiri ya zipatala za boma za ku Britain. Pa 5 Julayi 1948, motsogozedwa ndi nduna ya zaumoyo Aneurin Bevan, dzikolo linakhazikitsa dongosolo la National Health Service, lakuti munthu aliyense azilandira chithandizo popanda kulipira pakhomo la chipatala, ndalama zake zizichokera m'misonkho. Patangopita zaka zisanu ndi zinayi, mu 1957, wailesi ya ITV inayamba kuonetsa Emergency Ward 10, sewero limene Tessa Diamond analiyambitsa ndipo linakhala zaka khumi, mpaka 1967. M'sewero loyambali madokotala anali anthu olemekezeka, anzeru ndi osalakwa kawirikawiri, ndipo mbali ina ya ntchito yake inali yochotsa mantha mwa anthu amene anali asanazolowere kugonekedwa m'chipatala.

M'sewero lomweli muli kanthu kokhudza ife kamene sikayenera kuiwalika. Mu 1964, chaka chimene Zambia ndi Malawi analandira ufulu, gawo lina linaonetsa dokotala wamkazi wachikuda, Louise Mahler, amene mbali yake ankaisewera Joan Hooley, akupsompsonana ndi dokotala mnzake wachizungu. Posakhalitsa alembi anamchotsa mayiyo m'nkhani pomtumiza ku Africa, kumene anati analumidwa ndi njoka nkumwalira. Kwa alembi a nthawi imeneyo Africa anali malo akutali otayirako mtengambali amene wakhala chopunthwitsa.

Casualty, limene analiyambitsa ndi Jeremy Brock ndi Paul Unwin, linabwera ndi mzimu wina. Mmalo moika dokotala wamkulu pakati pa nkhani, alembi anaikapo namwino wamwamuna, Charlie Fairhead, ndipo anamzunguliza ndi antchito a usiku: namwino wochokera ku Ireland, wonyamula odwala wochokera ku Poland, namwino wachikuda, kalaliki wolandira anthu pakhomo. Kuchokera m'tsinde lomweli munaphuka Holby City, limene linkaonetsa mawodi a opaleshoni a chipatala chomwecho kuyambira 1999 mpaka 2022. Mu 2012 kunabwera Call the Midwife, lolembedwa ndi Heidi Thomas potsata zikumbutso za mzamba Jennifer Worth, lonena za masisitere ndi azamba otumikira amphawi a ku Poplar, kum'mawa kwa London, kuyambira 1957. Onsewa ndi ana a nyumba imodzi ngakhale nkhope zawo zili zosiyana.

Eni Mudzi ndi Alendo

Chinthu choyamba chimene chimasunga masewerowa chili m'kamangidwe ka nkhani. Atengambali ali m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la antchito a pachipatala, amene tingawatche eni mudzi: nkhani zawo za chikondi, kaduka, kukwezedwa pantchito, kuledzera ndi kulapa zimayenda pang'onopang'ono kwa miyezi ndi zaka. Gulu lachiwiri ndi la odwala, amene ndi alendo: amafika, nkhani yawo nkufika pampondachimera, nkutha usiku womwewo, kaya ndi kuchira kaya ndi imfa. Motero gawo lililonse limakhutitsa woonera chifukwa lili ndi mathero, komanso limamsiya ndi njala chifukwa za eni mudzi sizinathe. Mlembi wa sewero lonena za banja limodzi amavutika kupeza chifukwa chobweretsera munthu watsopano mlungu uliwonse. Mlembi wa sewero la chipatala savutika, popeza khomo la chipatala silitsekedwa ndipo aliyense wolowapo amabwera atanyamula tsoka lake.

Casualty linatchuka ndi kayambidwe kena kamene oonera anakazolowera. Gawo limayamba kutali ndi chipatala, likuonetsa munthu wamba ali pa ntchito zake za tsiku ndi tsiku: wina wakwera makwerero osakhazikika bwino, wina akuyendetsa galimoto atakangana ndi mkazi wake, mwana akusewera pafupi ndi chitsime. Woonera amadziwa kale kuti mmodzi mwa awa athera pa machira, koma sadziwa kuti ndi uti ndiponso mwa njira yanji. Luso limeneli si lachilendo kwa munthu amene anakulira pa nthano. Omvera nthano amadziwa kuti Fisi agwa m'mbuna Fisiyo asanadziwe, ndipo kukoma kwa nthanoyo kuli m'kudikira, osati m'kudzidzimuka. Julius Chongo, amene nkhani zake za Poceza m'Madzulo zinkamveka pa wailesi ya Zambia m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndipo Ernst Wendland anazisanthula mozama, ankadziwa kuchedwetsa tsoka mpaka womvera atagwira mtima m'manja. Kusiyana nkwakuti m'nthano wogwa m'mbuna amakhala wadyera kapena wopusa, pomwe m'sewero la chipatala angakhale wina aliyense. Phunziro lake ndi lomwe lili m'mwambi wakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pali chinanso. Matenda amavula munthu ulemu wake wa kunja. Wolemera ndi wopemphapempha amavala chovala chimodzi cha m'wodi, amagona pa mabedi oyandikana, ndipo onse amamvera namwino amene mwina kunja sakanampatsa moni. Pamalo otere zinsinsi sizikhalitsa: kuyeza magazi kumaulula kuti bambo si bambo wa mwanayo, zipsera zimaulula nkhanza za m'banja, ndipo munthu woona imfa pafupi amanena zimene wakhala akubisa zaka makumi awiri. Mlembi safunika kukakamiza kuulula, pakuti malo enieniwo amakukoka.

Chipatala pa Mlandu

Chinthu chachiwiri, chimene tikuchiona kukhala chachikulu koposa, ndi ufulu wa masewerowa woika chipatala chenichenicho pa mlandu. Nkhani yaikulu ya chaka choyamba cha Casualty inali yakuti akuluakulu akufuna kutseka ntchito ya usiku pofuna kupulumutsa ndalama, ndipo antchito akulimbana nawo. Iyi inali nthawi ya ulamuliro wa Margaret Thatcher, pamene mkangano wa ndalama za zipatala unali pakamwa pa aliyense, ndipo andale ena a chipani cholamula anadandaula poyera kuti sewerolo likunyoza boma ndi kuipitsa mbiri ya antchito a zaumoyo. Madandaulo amenewo ndi umboni wakuti sewerolo linali litakhudza pachilonda. Kuyambira pamenepo nkhani za odwala ogona m'makhonde chifukwa chosowa mabedi, za ambulansi zodikira pamzere, za anamwino osiya ntchito chifukwa cha kutopa, zakhala zikubwerabwera.

Nkofunika kumvetsa chifukwa chake kudzudzula kotere kumakoma kwa woonera wa ku Britain mmalo momkwiyitsa. Chipatala chimene akuchiona ndi chake, pakuti amachilipira ndi msonkho. Ndipo BBC nayonso ndi yake, pakuti imayendera ndalama ya chiphaso imene nyumba zokhala ndi kanema zimapereka. Akamaonera sewerolo amakhala ngati mwini munda amene akuyendera mbewu zake. Amakwiya akaona zolakwika, amanyada akaona namwino akupirira, ndipo m'mawa mwake amakambirana ndi anzake kuntchito. Umu ndi momwe bwalo la mudzi limagwirira ntchito: mlandu wa anthu awiri umakhala mwayi woti mudzi wonse ukumbutsane malamulo ake. Ubale wa sewero ndi chipatala chenicheni unaonekera bwino mu 2020, pamene mliri wa Covid-19 unavuta: opanga Holby City anapereka makina awo enieni othandiza kupuma ku chipatala chapadera cha Nightingale ku London.

Kukalamba Pamodzi

Chinthu chachitatu ndi nthawi. Derek Thompson anasewera mbali ya Charlie Fairhead kuyambira 1986 mpaka 2024. Oonera anamuona ali mnyamata waukali, anamuona akukwatira, akulera mwana, akudwala mtima, akumera imvi. Palibe buku kapena filimu imene ingapereke chidziwitso chotere, chifukwa imvi za mtengambali zinali imvi zenizeni, zomera m'zaka zomwezo zimene woonera naye ankamera zake. Namwino Duffy, amene Cathy Shipton ankasewera kuyambira gawo loyamba, anagwidwa ndi matenda oiwala a muubongo ndipo anamwalira m'nkhani mu 2020. Chisoni cha gawo limenelo sichinachokere m'mawu olembedwa mwaluso. Chinachokera m'zaka zoposa makumi atatu zimene oonera anali atamdziwa mayiyo ali wochangamuka ndi wodalirika. Chimodzimodzi pa 2 Januwale 2021, gawo lonena za Covid-19 linapha Noel Garcia, kalaliki wa pakhomo amene kwa zaka zambiri ankangoseketsa anthu. Alembi anasankha bwino: mliri unatenga munthu amene palibe ankamganizira. Holby City nalo linatha mu Malichi 2022 ndi imfa ya dokotala wa mtima Jac Naylor, amene ziwalo zake zinapatsidwa kwa odwala ena.

Tisabise kuti kukhalitsa kuli ndi matenda ake. Alembi akatopa amathamangira ku zoopsa zazikulu. Mu 1993 gulu la achinyamata linatentha chipinda cha ovulala cha Holby, ndipo oonera ambiri anadandaula ndi chiwawa cha gawolo. Mu 2016, pokondwerera zaka 30, ndege ya helikopita inagwera pakhomo la chipatala chomwecho. Chipatala chimene chimapsa, kuphulika ndi kugweredwa kawirikawiri chotere chimaleka kukhala chipatala cha woonera, nkusanduka bwalo la zamatsenga. Ndiponso maukwati ndi zibwenzi pakati pa antchito zimachuluka mpaka munthu nkudabwa kuti odwala amawaona nthawi yanji. Magawo abwino koposa ndi aja odekha, m'mene mkangano uli pakati pa lamulo ndi chifundo.

Zimene Diso la ku Petauke ndi Nyimba Limaona

Tsopano titembenukire kwathu. Nyimba ndi Petauke ali m'mbali mwa msewu waukulu wochokera ku Lusaka kupita ku Chipata, ndipo Petauke ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera ku likulu. Kuli zipatala za boma ku Nyimba ndi ku Petauke, chipatala chachikulu cha Kalindawalo, chipatala cha mishoni cha Minga, ndi cha Nyanje chimene tsopano chili m'boma la Sinda. Chakum'mawa kuli St Francis ku Katete, chimene chinayamba mu 1948, chaka chomwe National Health Service inabadwa. Munthu wa kumeneko ataonera Casualty angazindikire zambiri: kutopa kwa namwino wa usiku, mzere wa odikira, ngozi za pamsewu zonga zimene zimachitika m'mapiri okhotakhota a pakati pa mlatho wa Luangwa ndi Kacholola. Ataonera Call the Midwife angaone masisitere ndi azamba ofanana ndi amene anabereketsa amayi ake ku mishoni. Angazindikirenso nkhope za kwawo, pakuti m'zaka zoyamba za m'ma 2000 anamwino ambiri ophunzitsidwa ku Zambia ndi ku Malawi anapita kukagwira ntchito m'zipatala za ku Britain. Koma angaonenso mipata itatu ikuluikulu.

Mpata woyamba ndi ulendo. Mu 1994 Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine, pofufuza za imfa za amayi oyembekezera, anafotokoza kuti kuchedwa kumene kumapha kuli kutatu: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kulandira chithandizo munthu atafika. Ntchito ya Saving Mothers, Giving Life, imene inayamba mu 2012 ndipo Nyimba anali mmodzi mwa maboma anayi oyamba m'Zambia, inalimbana ndi kuchedwa kutatu konseku. Wosanthula zisudzo akayang'ana magawo atatuwa amaona sewero lathunthu la zigawo zitatu. Sewero la ku Britain limathera mphamvu zake pa chigawo chachitatu chokha, chifukwa kumeneko kuimba lamya kumabweretsa ambulansi. Kwathu zigawo ziwiri zoyamba ndizo zodzaza ndi mkangano: kufunafuna mwini ngolo pakati pa usiku, kukambirana za mtengo wa njinga yamoto, mtsinje wodzaza m'dzinja, mayi wokana kukadikirira kunyumba ya amayi oyembekezera pafupi ndi chipatala chifukwa m'munda mulibe wopalira.

Mpata wachiwiri ndi mbumba. Wodwala wa m'sewero la ku Britain amafika yekha kapena ndi munthu mmodzi, ndipo mawu omaliza pa thupi lake ndi ake. Pakati pa Ansenga, monganso pakati pa Achewa, mtundu umatsata kuchikazi, ndipo matenda a munthu mmodzi ndi mlandu wa mbumba yonse. Dokotala akanena za opaleshoni kapena zotumiza wodwala ku Chipata kapena ku Lusaka, funso lakuti avomereze ndani limatha kugawanitsa mwamuna wa wodwalayo ndi malume ake. Pamwamba pa izi pali wodwazika, mtengambali amene masewero a ku Britain samdziwa nkomwe. Iyeyu ndiye amagona pansi m'mbali mwa bedi kapena m'khumbi la odwazika, amaphika phala pa mafuwa kuseri kwa wodi, amachapa, amatembenuza wodwala, amathamangira kusitolo kukagula mankhwala amene atha m'chipatala, ndipo ndiye amanyamula uthenga wa maliro kupita nawo kumudzi. Kumoto kwa odwazika kumakumana akazi a midzi yosiyana amene amabwerekana mchere, kulangizana za mankhwala azitsamba ndi kutonthozana. Ngati pali malo m'dziko lathu ofanana ndi khomo losatsekedwa la Holby, ndi pamafuwa amenewa.

Mpata wachitatu ndi chilankhulo pamodzi ndi chikhulupiriro. Ku Holby dokotala ndi wodwala amagwirizana kuti matenda amachokera m'thupi. Ku Petauke wodwala angafike atayamba wapita kwa sing'anga kapena kwa mneneri, ndipo funso lake lalikulu silikhala lakuti akudwala chiyani, koma lakuti wamdwalitsa ndani. Iye amafotokoza m'Chinsenga, namwino amamuyankha m'Chinyanja, ndipo dokotala wothandiza wophunzitsidwa ku Chainama amalemba pakhadi m'Chingerezi. Pa kusamuka kulikonse kwa mawu kanthu kamatayika kapena kubisidwa dala. Mawu akuti “magazi achepa” kapena “mwana wakhala mopingasa” amamveka mwina kwa wophunzira ndi mwina kwa gogo. Kwa mlembi wa Chinyanja chuma chili pamenepa, ndipo nchuma chimene sewero la chilankhulo chimodzi silingachipeze.

Masewero Athu a Zaumoyo

Sitinganene kuti dera lathu lilibe masewero a zaumoyo. Ku South Africa, Soul City linayamba mu 1994 ndipo nkhani yake inkazungulira pa kiliniki yopeka ya Masakhane. Pambuyo pake bungwe lake linagwira ntchito ndi Kwatu ku Zambia ndi Pakachere ku Malawi. Ku Zambia kunali Club Risky Business mu 2009, lonena za amuna okhala ndi zibwenzi zambiri, ndi Love Games mu 2013, lonena za akazi asanu a mumzinda ndi kachilombo ka HIV. Ku Malawi, Zimachitika la bungwe la Story Workshop linayamba pa wailesi mu 1997, ndipo Tikuferanji linatchuka pa wailesi ndi pa kanema. Ambiri mwa awa anapangidwa mwaluso ndipo anathandiza anthu kulankhula za zinthu zimene kale zinali zonong'ona.

Komabe nkoyenera kuona kusiyana kwa maziko. Masewero ambiri otere anabadwa ndi ndalama za mabungwe othandiza, ndipo mlembi ankapatsidwa uthenga asanapatsidwe atengambali: kayezetseni magazi, gonani m'masikito, kabadwitsireni kuchipatala. M'sewero lotere wolakwa amakhala wodwala nthawi zonse. Iye ndiye mbuli, wouma mutu, wochedwa. Namwino amalowa kumapeto ngati mphunzitsi wodzawongola zinthu. Chipatala sichikhala pa mlandu, pakuti nkovuta kuti sewero lolipiridwa mogwirizana ndi unduna wa zaumoyo lionetse shelefu yopanda mankhwala kapena wantchito wolalatira mayi wobereka. Woonera amene anagonapo m'wodi amazindikira msanga kuti akuuzidwa theka la choonadi. Ndipo ntchito ya bungwe ikatha, sewero limatha nayo, atengambali asanamere ndi imvi imodzi yomwe.

Nzochititsa chidwi kuti amene anakhalitsa mwa masewerowa ndi aja amene anapatsa anthu malo ndi munthu woti amkonde. Tikuferanji linakhala zaka zambiri chifukwa cha Manganya, amene Michael Usi anamsewera ngati munthu wochenjera, wolakwa ndi woseketsa, osati ngati chikwangwani cha uthenga. Zimachitika linali ndi mudzi wake umene omvera ankaudziwa ngati wawo. Ndipo kale, m'zaka za m'ma 1970, gulu la Chikwakwa la pa Yunivesite ya Zambia linkanyamula zisudzo kupita nazo m'zigawo m'zilankhulo za anthu, pomwe m'zaka za m'ma 1980 gulu loyendayenda la Chancellor College, pogwira ntchito ya zaumoyo m'midzi ya ku Liwonde, linkalola anthu a m'mudzi kulowa m'sewero ndi kuyankha. Pamenepo bwalo linalidi bwalo. Kuti anthu a ku Zambia amatha kutsata nkhani yaitali nzosakayikitsa: Kabanana m'zaka zoyamba za m'ma 2000 ndi Mpali, limene linayamba mu 2018, ndi umboni wokwanira.

Nkhani zoti sewero la chipatala likambe sizikusowa. Malipiro a pachipatala amene anayamba m'zaka za m'ma 1990 anachotsedwa m'maboma a kumidzi mu Epulo 2006, ndipo lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo linakhazikitsidwa mu 2018. Kusintha kulikonse kotere kunafika pa zenera la kalaliki ngati mkangano wa anthu awiri. Mu Januwale 2024 kolera inachititsa kuti bwalo la masewero la Heroes ku Lusaka lisanduke chipatala. Mu Meyi 2025 kazembe wa United States ku Lusaka analengeza kuti dziko lake lidula thandizo la mankhwala la madola 50 miliyoni pachaka, ponena kuti mankhwala operekedwa ulere ankabedwa ndi kugulitsidwa. M'chaka chomwecho bungwe la USAID, limene linalipirira masewero ena amene tawatchula, linatsekedwa. Zonsezi ndi milandu imene mudzi uyenera kuikamba, ndipo nyuzipepala yokha singaikambe mofika pamtima.

Mawu Omaliza

Taona kuti masewero a chipatala a ku Britain amakhalitsa pa zifukwa zitatu zolukanalukana: kamangidwe kosakaniza eni mudzi ndi alendo, ufulu woweruza chipatala chimene woonera amachiyesa chake, ndi nthawi yaitali imene imasandutsa atengambali kukhala achibale. Taonanso kuti tikawayang'ana kuchokera ku Petauke ndi Nyimba, masewerowa amayamba nkhani mochedwa, wodwala atafika kale, ndipo sadziwa za ngolo, za malume kapena za wodwazika.

Chimene mlembi wa Chinyanja angatengeko si magetsi a ambulansi kapena makina olira m'chipinda cha opaleshoni, zinthu zodula zimene sizili pamtima pa nkhani. Angatengeko chikhulupiriro chakuti malo amodzi, odziwika bwino ndi okhala ndi khomo lotseguka, angathe kunyamula nkhani za mtundu wonse kwa zaka zambiri. Njira yake yapafupi ndi wailesi, imene yakhala m'midzi yathu kuyambira pamene kawailesi kotchipa kooneka ngati sefuliya kanayamba kugulitsidwa mu 1949, ndipo lero ili pafupi kwambiri kudzera m'nyumba zoulutsira mawu za m'deralo monga PASME ndi Explorers ku Petauke kapena Breeze FM ku Chipata. Pa wailesi wodi yonse imamangidwa ndi mawu, chifuwa, mapazi ndi kulira kwa chitseko. Chovuta chachikulu si ndalama zopangira, koma funso lakuti sewerolo lidzakhala la yani. Likakhala la wopereka ndalama lidzalangiza odwala kwa zaka ziwiri nkutha. Likakhala la omvera, namwino adzaloledwa kulakwa, wodwazika adzaloledwa kuyankha, mfumu ndi phungu adzaitanidwa pabwalo, ndipo anthu a kwa Ndake, kwa Nyalugwe ndi kwa Kalindawalo adzakhala ndi chifukwa chotsegulira wailesi mlungu wamawa.